Mzati Wosalala Ngati Dzira

Hudson anabadwa ndi phuma, ndipo sukulu yonse imene anaphunzira sinamuchotse matendawa. Ankachita kafukufuku wa ku yunivesite, wofufuza ming'alu ya milatho ndi droni, kandege kojambula zithunzi. Ntchitoyi ili ndi lamulo lake: droni iziyenda pang'onopang'ono kuti chithunzi chilichonse chisanjikane ndi chinzake monga malata a padenga. Zikatero, kompyuta imazilumikiza n'kuumba mlatho wonse.

Mlatho umene anasankha unali wa kwawo, kuseri kwa Nkando. Lole ya othyola tiyi inkadutsa pamenepo m'mawa uliwonse, mlongo wake Doris ali momwemo. Tsiku lojambula, chiperoni chinayamba kutsetsereka m'phiri. Jacqueline, mnzake wa pa kafukufukuyo, anamupempha kuti adzabwerenso kukayera. Koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Hudson anathamangitsa droni, kenaka n'kulongedza katundu akudzitama.

Ku ofesi, zithunzi za mzati wapakati zinakana kugwirana, ndipo pakompyuta panatsala chibowo. M'malo mobwerera kukajambulanso, Hudson analamula kompyuta kuti imate yokha chibowocho. Mzati unatuluka wosalala ngati dzira. Oyang'anira misewu atamufunsa zimene wapeza, anawauza kuti mlatho uli bwinobwino, iwo n'kutumiza amisiri awo kwina.

Mvula itayamba, mtima wake unakhala m'mwamba. Bingu likagunda, ankaona mzati uja m'maso. Chakudya sichinkatsika pakhosi. Foni yochokera kwa Doris ikalira, ankaiyankha akuopa kumva mawu a munthu wina.

"Achimwene, mwaondatu," anatero Jacqueline tsiku lina. "Kodi mzati uja munauona ndi maso anu, kapena inakuuzani ndi kompyuta?"

Apa m'pamene Hudson anakhala pansi n'kuyamba kutsegula zithunzi chimodzichimodzi, ntchito imene kale ankati n'kutaya nthawi. M'ngodya ya chithunzi china chachimbuuzi munali mng'alu wautali, madzi atakumba kunsi kwa mzati.

M'mawa mwake anakwera kabaza wa njinga yamoto mvula ikumukwapula, akupemphera njira yonse. Anapeza mtsinje uli thothotho, lole ikutsetsereka kale chitunda. Anaima pakati pa msewu atatambasula manja. Dalaivala anaponda buleki akutukwana, ndipo Doris anatsika, chitenje chili chonyowa.

"Achimwene, si inu munati mlathowu ngwabwino? Ine ndakhala ndikuwalimbitsa mtima anzangawa tsiku ndi tsiku. Ndimati mlongo wanga anaujambula yekha, musaope."

 Hudson anangoloza pakati pa mlathowo, pomwe simenti inali itayamba kale kutitimira. Doris anayang'ana pamenepo, n'kuyang'ana amayi odzaza lole aja, n'kukhala pansi m'matope.

Mng'alu uja unali m'chithunzi kuyambira tsiku lachiperoni lija, ukungodikira munthu woti aupenye. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.