Ba Zimayatsa ndi Sikana Yawo

Ku Kalingalinga, kuseri kwa akalipentala okhoma mabedi, kunali kaofesi ka anthu awiri: Ba Moven Sakala ndi Ba Nsofwa Mulenga. Ntchito yawo inali kufufuza ziboo m'makompyuta a makampani mbava za pa intaneti zisanazipeze. Khasu lawo linali sikana, pulogalamu yoyenda khomo ndi khomo m'makompyuta kuyesa maloko. Sikanayo inkakhala mu kontena, kachipinda kakekake mkati mwa seva, kompyuta yaikulu ya muofesimo.

Ba Moven anali ndi mankhwala amodzi a matenda onse. Foni ikauma, zima, yatsa. Wailesi ikasasa mawu, zima, yatsa. Akalipentala anawatcha Ba Zimayatsa, ndipo eni ake ankavomera monyadira.

Lolemba lina, kachipatala ka ku Mtendere kanawapatsa ntchito koyamba. Lipoti linafunika Lachisanu. Likachedwa, ntchito ipita kwa ena. Ba Moven anati mlendo samuphikira mumphika wakale, naika apudeti yosintha sikana ija kukhala ya mtundu watsopano. Atayatsa sikana, mndandanda wa ziboo zodziwika, womwe sikana imayendera, unali mbee!

Anadikira theka la ola. Mndandanda uli mbee. Anazima kontena, nayatsanso.

"Ba Moven, tiyeni tiwerenge logi, timve vamene ikamba yeka," anatero Ba Nsofwa. Logi ndiyo kaundula momwe pulogalamu imalemba zimene ikuchita.

"Awe, Ba Nsofwa. Ivi vinthu niviziba. Vifuna chabe kuvidzidzimutsa."

Anaidzidzimutsa Lolemba lonse, Lachiwiri lonse. Lachitatu anafafaniza kontena yonse naimanga mwatsopano, kawiri. Madzulo alionse ankazimanso seva kuti asunge moto wa sola. Ba Nsofwa akasendera pafupi, iwo ankaphimba kiyibodi ndi mikono ngati nkhuku yofungatira mazira.

Koma Ba Moven ankakhala ku Kanyama, ndipo mvula simva za Lachisanu. Inavumba mpaka Lachinayi m'mawa. Madzi anafika m'mawondo, maminibasi onse anathawa, ndipo laputopu, yomwe akanazimira sikana ali kunyumba, anali ataisiya kuofesi. Anaima pa njerwa pakhomo pawo, buluku atapinda, naimba foni.

"Ba Nsofwa, mwaiyatsa?"

"Nayatsa kuseni."

"Manje muizime, muiyatse futi."

"Sinizima."

"Nakamba kuti muizime!"

"Bwerani muizime mweka. Kapena nikutumireni bwato?"

Ba Nsofwa anali atawerenga logi ija, tiyi ali m'manja. Nkhani yonse inali pamzere umodzi. Apudeti inataya mndandanda wakale, ndipo sikana inali kukopera watsopano, katundu wolemera amene pa intaneti yawo yoyenda ngati birimankhwe ankafuna maola asanu ndi awiri. Ikazimidwa, inkayambanso pachiyambi. Anawerenga: m'masiku atatu, inayambiranso maulendo makumi atatu ndi anayi. Sinadwale konse. Inali ngati mayi wotunga madzi amene wina akumutayira ndowa nthawi zonse asanafike pakhomo.

Foni inalira kasanu. Ba Nsofwa anaivundikira ndi kapu.

Dzuwa litapendeka, mndandanda unadzaza tho! Sikana inanyamuka, niyendera makompyuta a kachipatala kaja, nipeza maloko asanu ndi anayi ogwedera. Lachisanu m'mawa Ba Moven anatulukira, matope mpaka m'akakolo, nsapato zili m'pulasitiki. Anapeza lipoti lili patebulo, likungodikira dzina lawo.

"Munaichita chani?"

"Palibe."

"Palibe bwanji?"

"Palibe ndiye vamene yenze kufuna kuchokera pa Mande."

Ba Moven anakanda m'mutu, nasaina. Masana lipoti linafika ku Mtendere, ndipo mkulu wa kachipatalako anawauza kuti azibwera mwezi ndi mwezi.

Pobwerera, kalipentala wina anakuwa ali pa benchi yake: "Ba Zimayatsa! Tamvera ati mvula ndiye injiniya wamukulu pa kampani yanu. Muzailipira zingati?"

Ba Moven anaseka mpaka kutsokomola. Atalowa muofesi anaona kagudumu kosonyeza kuti kompyuta idakali pa ntchito kakuzungulira pa sikirini, ndipo chala chawo chinanyamuka chokha kulunjika pa batani lozimira. Ba Nsofwa anangowaikira kapu ya tiyi m'dzanja lomwelo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.