Fyuzi ya Masipika pa Khwekhwelere

Panali munthu wina ku Bembeke, dzina lake Chimpeni, dalaivala wa lole yonyamula kachewere. Ameneyu anayendetsa galimoto zaka zambiri moti misewu ina inkachita kufunsa iye kumene ikulowera. Ankatha kuchoka ku Dedza mpaka ku Ntcheu chobwerera m'mbuyo, uku akukukuta chimanga chowotcha. Wofuna kutsutsa atsutse, koma zinali choncho.

Mwini loleyo anali bwana Matewere, munthu wokonda kuonekera. Chiwongolero sankachidziwa n'komwe, koma ankafuna kuti lole yake izimveka isanafike. Anaikitsa nyali khumi ndi ziwiri padenga, hutala wolira ngati ng'ombe zisanu, masipika aakulu ngati nkhokwe, ndi potchajira mafoni. Nyalizo zikayaka masana, dzuwa linkachita manyazi. Masipikawo akalira ku Bembeke, anthu ankavina ku Salima.

Zonsezi amakaniko apamsika anazipachika pa waya mmodzi, wa nyali zakutsogolo. Ndiye fyuzi, kachitsulo kaja kamene kamaduka magetsi akachuluka kuti waya asapse, inkaduka tsiku ndi tsiku. Mankhwala a bwana anali amodzi: kung'amba kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kukulunga fyuzi yakufayo, n'kuibwezera pamalo pake.

“Aliyense amatero,” ankatero bwanayo.

Chimpeni anapirira mpaka tsiku limene anamva fungo la waya wopsa pansi pa chiwongolero. Tsiku limenelo sanakapakire katundu. Anatenga pulayazi n'kulowa pansi pa lole. Anakoka waya wonenepa ngati chala chachikulu kuchokera ku batire, nakamangirira bokosi lachiwiri la mafyuzi kuseri kwa mpando. Nyali zapadenga anazipatsa fyuzi yawoyawo, hutala yake, masipika yawo, mafoni yawo. Waya wa nyali zakutsogolo anamusiya yekha, monga mmene anabadwira.

Bwana Matewere anamupeza akupukuta m'manja, dzuwa litapendeka.

“Iwe, tsiku lathunthu lathera pa kabokosi? Ndimvere bwino. Kakangovuta kamodzi kokha, ntchito yako yatha.”

Mawu amenewo sanali ocheza. Ku Bembeke lole zinali zochepa, koma madalaivala makumi anayi ankakhala pansi pa mtengo wa pasiteji, kudikira kuti mnzawo atsokomole, iwo amulande ntchito. Ndipo Chimpeni anali ndi ana asanu ndi atatu, onse akudya bwino.

M'mawa mwake anapakira kachewere, bwana nakwera kutsogolo, ulendo wa ku Golomoti kudzera phiri la Khwekhwelere. Msewu umenewo umapindika moti lole imawerenga nambala yake yakumbuyo. Tsiku limenelo kunali chifunga choti ukhoza kuchidula ndi chikwanje n'kufolera nyumba, ndiponso mvula inkawaza. Nyimbo zinali m'mwamba, bwana akugwedeza mutu.

Pakati pa phiri, tayala linagwera m'dzenje. Nyimbo zinangoti zii. Nyali zakutsogolo zinali chiyakire, zopukutira galasi chipukutire, injini chilirire. Masipika okha ndiwo anatseka pakamwa.

Bwana anaseka. “Si izi nanga? Tsiku loyamba lomwe.” Anatulutsa paketi ya ndudu n'kung'amba kapepala. “Ima apa. Kulunga.”

Chimpeni anaimika lole pambali, anatsekera tayala ndi mwala, natsegula bokosi lake. Fyuzi ya masipika inali itaduka pakati.

“Bwana, iyi sinalakwe, yagwira ntchito yake. Pali waya wasupuka penapake, wakhudza chitsulo. Tikafika ku Golomoti ndimufunafuna. Nyimbo zidikire.”

“Sindinakulembe ntchito yondiphunzitsa. Kulunga, apo ayi bweretsa makiyi.”

Chimpeni anayang'ana kapepalako. Anaganiza za amuna aja a pansi pa mtengo, mmene angaombere m'manja akamva. Anaganiza za ana ake, makamaka wachitatu amene ankadya ngati anthu anayi. Kukulunga fyuzi ndi ntchito yosatha n'kupuma kuwiri komwe. Koma iye anali atamva kale fungo la waya wopsa, ndipo mphuno yake sinkanama.

Anazula makiyi n'kuwaika m'dzanja la bwana, pamwamba pa kapepala komweko.

“Makiyi ndi anu, ndi awa. Manjawa ndi anga. Sakulunga.”

Anatenga jekete lake, natsika, nayamba kuyenda pansi kulowera ku Golomoti. Sanacheuke. Mvula yomwe inachita mantha, inkagwa uku ndi uku, iye osamukhudza.

Asanafike pokhota pachiwiri, anamva kulira kumbuyo. Bwana Matewere anatulukira m'chifunga ali liwiro, zala zili m'kamwa, nsapato imodzi itatsala m'matope. Anali atakulunga yekha fyuzi ija.

“AChimpeni! Utsi! Lole ikupsa, atate!”

Chimpeni anabwerera, koma sanathamange. Munthu wochotsedwa ntchito athamangiranji? Anapeza kutsogolo kwadzaza utsi wakuda, kawaya ka masipika katafiira ngati khala, mpando utayamba kunyeka. Anazula waya wa ku batire, nathira dothi lonyowa pamene pankafukapo. Moto unafa. Akanachedwa pang'ono, anthu a ku Golomoti akanadya tchipisi mwezi wathunthu.

Bwana anatambasula manja onse awiri, makiyi ali pamenepo. Chimpeni anawayang'ana.

“Nditenga,” anatero. “Lole ndi yanu, kachewere ndi wanu. Koma mawaya a m'lole muno azimvera ine.”

“Azimvera inu, aChimpeni.”

Anadula waya wopsayo, anabwezera wa ku batire, naliza injini. Anatsika phiri lonselo popanda nyimbo, ndipo munali chete moti ankamva kachewere akupuma m'matumba.

Tsono inu amene mukumva, musamati wokana ndiye waononga ulendo. Pali kukana kumene kumasunga lole yonse. Adzabwera munthu wamkulu kwa inu, kapepala kali m'manja, n'kunena kuti kulunga apa, aliyense amatero. Ngati mphuno yanu yamva fungo la kupsa, musakulunge. Akafuna makiyi, apatseni. Tsikani, muyende pansi. Mwina adzakuthamangirani, mwina ayi. Koma moto umenewo usadzakhale woyatsa inu.