Wopalira Alinso ndi Pakamwa

Panali munthu wina, mayi wamasiye dzina lake Nangondo, amene ankalima nawo m'munda wa chinangwa wa anthu onse. Mundawo anauyambitsa ndi amuna atatu. Iwo ndiwo anagwetsa mitengo, nazula zitsa, nabwera ndi mbewu kuchokera kutali. Kenako anaitana aliyense wofuna kuti abwere ndi khasu lake. Panalibe malipiro. Wolima ankakumba chinangwa n'kukadya ndi ana ake, basi.

Nangondo sankadziwa kusankha mbewu kapena kuyeza mizere ndi chingwe. Ntchito yake inali kupalira, kuthamangitsa mbuzi, ndi kukauza akuluakulu aja akaona kuti chiswe chalowa. Zaka zisanu ndi ziwiri ali chiweramire.

Kumunsi kwa mundawo kunali mizere ya chinangwa chachifupi, chosaoneka bwino, koma chokhwima msanga. Mvula ikafika pakati, m'nkhokwe mutatha, chimenecho ndicho chinkasunga ana anayi a Nangondo, ndi ana a ena ambiri osauka ngati iye.

Chaka china, mvula yoyamba itagwa, amuna atatu aja anakhala paokha nagamula kuti chinangwa chachifupicho chizulidwe. Ati chikuchulutsa ntchito. Ati munda wonse ukhale wa mbewu imodzi yaitali, yobereka kwambiri. Yobereka inde, koma yokhwima njala itakukuta kale ana! Anthu anangouzidwa pamsonkhano kuti Loweruka n'kuzula.

Nangondo anakweza dzanja. Mmodzi wa atatuwo anaseka.

"Mayi, tsitsani dzanjalo. Pano amalankhula ndi odziwa mbewu. Inu mumangopalira. Kugona pakati n'kuyambirira."

Ha! Kumangopalira? Mtima wa Nangondo unawawa, unawawa zedi. Anayang'ana anzake opalira. Onse maso pansi, wina akukanda dothi ndi chala chakuphazi. Iye anaimirira.

"Bambo, zitsa munazula ndinu, sindikukana, ndipo ndimakulemekezani. Koma zitsa zimazulidwa kamodzi. Udzu umamera chaka ndi chaka. Msana wanga munaulandira. Nanga pakamwa panga mukupakana bwanji?"

"Zagamulidwa," anatero bamboyo.

Tsono lamulo la mundawo, limene atatuwo anaika okha, linali lakuti mbewu ndi ya aliyense: dula, kabzale kumene ukufuna, bola nawenso usamane mnzako. Nangondo sanadikire Loweruka, ndipo sanabisale. Dzuwa lili paliwombo anatenga chikwanje, nadula mitengo ya chinangwa chachifupi, namanga mtolo, nausenza, nadutsa nawo pamaso pa atatu aja. Anawoloka mtsinje nakabzala pa tsala la malemu mwamuna wake. Ndipo ananena mokweza kuti m'munda umenewo aliyense wogwira khasu ali ndi mawu, ndipo palibe chozulidwa anthu asanafunsidwe.

Anamutcha wogawanitsa anthu. Anamutcha wosayamika. Koma opalira aja, amaso pansi aja, anayamba kuwoloka, lero awiri, mawa asanu. Munda wakale unatsala ndi odziwa mbewu atatu ndi udzu wofika m'chiuno, ndipo chiswe chinalowa popanda wochiona.

Patapita chaka, njala itafika, bambo woseka uja anawoloka mtsinje, chipewa chili m'manja, kudzapempha chinangwa ndi mbewu. Nangondo anamukumbira dengu lodzaza, namuduliranso mtolo.

"Tengani, bambo. Mukafuna kulima nafe bwerani, nzeru zanu tikuzifuna. Koma pamsonkhano wathu mawu anu ndi amodzi, ngati anga."

Tsono inu abale anga, pulogalamu yapakompyuta imene tikupangira limodziyi ili ngati munda uja: palibe amatilipira, ndipo ndi yotsegukira aliyense. Ena amalemba khodi, malangizo amene kompyuta imatsatira. Enanu mumamasulira m'Chichewa, mumaiyesa patimafoni tanu takale, mumanena pamene yavuta, mumayankha mafunso a obwera kumene. Ndamva kuti Lachisanu kuli kuvota kuti isiye kugwira ntchito pamafoni akalewo, ndipo ati ovota ndi olemba khodi okha. Ayi, zimenezo ndakana. Chetechete sautsa nyama. Bwerani nonse, mufunse kuti malamulo a kavotedwe alembedwe poyera, ndipo mulankhule.

Ndipo inu oyambitsa, ulemu wanu tikupatsani wonse, koma mverani. Munthu amene mwalandira thukuta lake simungamutseke pakamwa. Mukatero, laisensi, lamulo la pulogalamuyi, imatilola kukopera zonse n'kukayamba kwina. Tidzapita masana, inu mukuona.