Tcheyamani wopanda nkhoswe

Chaka chimene ntchito zinauma ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, nyumba zatsopano zitasiyidwa zopanda madenga, Jared Kathumba anachotsedwa ntchito ya ulonda pa fakitale ina ku Coolock. Anazungulira miyezi inayi, nsapato mpaka kudyeka chidendene, kenaka anapeza ntchito pa nyumba yosamalirako okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kusintha zofunda. Ntchito ndi ntchito, koma mtima wake sunakhazikike. Munthu amene ku Ntcheu anali hedimasitala, ana mazanamazana akuima njoo akamuona, lero n'kumatsuka mano oikirira a azungu! Akaweruka ankangoti pabalaza, kukhitchini, pawindo, pabalaza kachiwiri.

"Bambo a Mwai, mukuyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira," ankatero mkazi wake Ethel. "Takhalani pansi, mukundichititsa chizungulire."

Pakati pa okalamba amene Jared ankawasamalira panali Gerard, yemwe kale ankaphunzitsa mbiri ya mayiko. Miyendo yake inali itafa, koma pakamwa panali moyo wokwanira anthu atatu. M'mawa wina, Jared akumumeta ndevu, mkuluyo anayamba kusimba za Henry wachisanu ndi chiwiri, mfumu ya ku England ya zaka mazana asanu zapitazo.

"Ufumu anautola pankhondo, mpando ukugwedera, adani ali mbali zonse," anatero Gerard. "Ndiye anatani? Analetsa nduna zikuluzikulu kusunga asilikali awoawo. Aliyense amene anthu akanamutcha mfumu, anamuyang'anitsitsa, wina n'kumutsekera. Makutu anali nawo paliponse. Anamwalira ali pampando, mwana wake n'kulowa ufumu popanda nkhondo."

Jared anaima, lezala ili m'mwamba. Nkhaniyo inamulowa mpaka m'mafupa, chifukwa mwezi womwewo anali atasankhidwa kukhala tcheyamani wa bungwe la Amalawi a kumpoto kwa mzindawo. Tinene zoona, anamusankha chifukwa panalibe wina woufuna udindowo. Aliyense mutu unali pa kusaka ntchito. Koma Jared anaulandira ndi manja awiri, mpaka kugula tayi.

Chinkamudya mumtima chinali chimodzi. Bungwe linkakumana kamodzi pamwezi m'holo yobwereka, koma anthu akakhala ndi nkhani yeniyeni sankabwera kuholoko. Ankapita ku Ballymun, kwa a Tarsizio Mlenga, mkulu wa imvi amene anafika m'dzikomo ena onse asanaone ndege. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, anthu ankadzaza kanyumba kawo. Banja likagwedera, kwa a Tarsizio. Mwana akavuta, kwa a Tarsizio. Ndipo poti amalume a anthu anatsala kumudzi, mkulu yemweyo ndi amene ankaimira unkhoswe maukwati ambiri. Jared ataganiza za mfumu ija, anaona kuti asilikali a a Tarsizio ndi amenewa.

Pa msonkhano wotsatira anaima, tayi ili pakhosi, n'kuwerenga lamulo latsopano. Kuyambira tsiku limenelo, panalibe kusonkhana m'nyumba za anthu, kuweruza nkhani za mabanja kapena kuimira unkhoswe popanda chilolezo cha tcheyamani.

A Tarsizio anakweza dzanja. "Pepani a tcheyamani, ndingofunsa. Munthu akagogoda pakhomo panga akulira, ndizimuuza kuti adikire ndikuimbireni foni?"

Anthu anaseka. Kusekako ndiko kunatha zonse. Sabata isanathe a Tarsizio analandira kalata yowachotsa mu komiti chifukwa chonyoza mpando. A Ignasio, amene ankatsogolera kwaya, atafunsa chifukwa chake, nawo anaiona yawo. Mayi Magdalena, mlangizi wa atsikana olowa m'banja, sanadikire kalata; anangonyamula chikwama chawo pakati pa msonkhano n'kutuluka. Jared anali ndi anthu awiri atatu omutsina khutu za amene wanena zakutizakuti, ndipo wotchulidwa aliyense dzina lake linkafufutidwa pa mndandanda wa olandira mauthenga. Pofika miyezi isanu ndi umodzi, muholo munalibenso wotsutsa. Munalibenso anthu ambiri, koma Jared ankati ndi vuto la ntchito, anthu akusamukira kwina.

"Atambala awiri salira m'khola limodzi," anauza mkazi wake.

"Nanga tambala akatsala yekha m'kholamo, azilirira ndani?" anayankha Ethel. Koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha.

Tsono banjali linali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Mwaiwawo, mwachidule Mwai, amene anabwera ku Ireland ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tsopano anali namwino. Jared ankamukonda mwanayu koposa tayi, koposa mpando, koposa chilichonse. Mwaiwawo anapeza mnyamata, Hosea, wa ku Zambia, wokhala ku Balbriggan, munthu waulemu wopatsa moni atagwira chipewa m'manja. Malume ake a Hosea, a Chiti, anatumiza mawu kuti akufuna kudzaonekera, ndipo anafunsa dzina la nkhoswe ya kuchikazi. Mlongo wake wa Ethel, amene akanayenera kuima, anali ku Ntcheu, ndipo chiphaso cholowera ku Ireland anamukaniza.

"Pitani kwa a Tarsizio," anatero Ethel. "Mwanayu anakulira m'manja mwawo."

"Ine ndikagwade kwa munthu amene ndinamuchotsa ndekha? Ndiyankhula ndekha. Ndine bambo wake, ndinenso tcheyamani."

"Bambo a Mwai, munaona kuti bambo akuimira unkhoswe mwana wake?"

"Kuno ndi ku Ulaya," anatero Jared, n'kuyamba ulendo wake wa pawindo.

Loweruka masana alendo anafika pa sitima, a Chiti ndi akuluakulu ena awiri, atavala masuti. Anapatsidwa mipando, moni anadutsa, tiyi anamwedwa. Kenaka a Chiti anayamba kuyang'ana kuchitseko, kudikira kuti mwini nyumba atuluke, nkhoswe ilowe. Jared sanasunthe. Anangokonza tayi.

"Ba Kathumba," anatero a Chiti mwaulemu, "manje tikambe na ndani?"

"Muyankhula ndi ine."

Alendowo anayang'anana, a Chiti n'kupitiriza. "Mutikhululukire, sitinabwere kukangana. Koma taganizani chabe. Mawa ana aba akayambana, Hosea ndiye walakwa, ine nizabwera kwa nkhoswe, tizakamba momasuka, tizamukalipira pamodzi. Manje ngati walakwa ni mwana wanu, nizakamba bwanji pamaso panu? Ndimwe apongozi. Pali mawu yamene apongozi safunika kumvera."

Anali mawu abwino, ndipo pakanakhala munthu wachitatu akanaseketsa anthu, n'kumutulutsa Jared mwaulemu, nkhani n'kupitirira. Koma munthu wachitatuyo kunalibe. Jared, amene kwa miyezi yambiri sanamvepo munthu akumutsutsa, magazi anathamangira kumutu.

"Mwabwera kudzandiphunzitsa mwambo m'nyumba mwanga? Mwana wanga alakwa chiyani? Mwayamba kale kumupezera milandu asanalowe n'komwe! Ngati kwanuko mumatero, kasakeni mkazi kwanu komweko."

A Chiti anaika kapu pansi pang'onopang'ono, anaimirira, anzawo n'kuimiriranso. "Zikomo pa tiyi," anatero. "Ise tinabwera kufuna banja. Tapeza munthu mmodzi." Ndipo anatuluka kukakwera sitima yawo.

Mwaiwawo anali kukhitchini ndi mayi ake, ndipo anamva zonse. Analowa misozi ili mbwembwembwe. "Adadi, mwapanga chani? Hosea sangapange wedding popanda ma uncle ake, mukudziwa zimenezo. Ine sindili mu komiti yanu. Ndine mwana wanu." Anatenga jekete n'kutuluka, ndipo tsiku limenelo sanabwerere, anakagona kwa mnzake.

Sabata imeneyo Jared anaiona kutalika. Foni ya mwana wake inkangoitana. Ya a Chiti, chimodzimodzi. Anatsegula mndandanda wa bungwe kufuna munthu wamkulu woti akamupepesere, koma amene anatsalamo anali achinyamata ndi aja omutsina khutu, anthu oti sangatumidwe ngakhale kokabwereka mchere. Chakudya chinkamukanika. Ethel sanamunyoze, sanamutonthoze. Ankangomuyang'ana akuzungulira pabalaza.

Lachisanu, akumumeta Gerard, maganizo ali kutali, anamucheka pachibwano.

"Ukufuna kundipha ndisanamalize nkhani?" anatero mkuluyo. "Chavuta n'chiyani?"

Jared anafotokoza zonse, kuyambira pa lamulo lija mpaka pa tiyi wa a Chiti. Gerard anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wasukulu woipa ndi amene amatuluka phunziro lili pakati. Mfumu ija inalanda nduna asilikali, inde, koma sinathamangitse anthu anzeru. Ena amene anatumikira adani ake inawasunga pambali pake, chifukwa ankadziwa zimene iyo sinkadziwa. Ndipo pofunira ana ake maukwati kumayiko ena, ukuganiza kuti inkapita yokha kukakangana ndi apongozi? Inkatuma akuluakulu, iyo n'kukhala kunyumba kudikira. Iwe unangotengapo chikwanje, khasu n'kulisiya."

Lamulungu masana Jared anakwera basi ya ku Ballymun, tayi ataisiya pa bedi. Anakwera masitepe akuyembekeza kupeza nkhalamba yosungulumwa imene iye anailanda anthu. Atafika pakhomo anaima kakasi. Pakhondepo panali nsapato, mulu wa nsapato: zazimuna, zazikazi, za ana, mpaka kutsekereza njira. M'katimo kwaya ya a Ignasio inali kuyeseza nyimbo. Bungwe lonse limene iye ankati linasamukira kwina linali umu, ndipo linali lisanasiyepo kubwera. Pakati pa muluwo anazindikira nsapato zofiirira za Ethel, amene anatsanzika kuti akupita kukagula ndiwo. Pambali pake panali zoyera za kuntchito za Mwaiwawo.

Manyazi anamugwira, miyendo inafuna kubwerera. Koma nsapato zoyera zija zinamuletsa. Anavula zake, n'kugogoda.

A Tarsizio anatsegula okha. Nyimbo inaduka.

"A tcheyamani! Mwabwera kudzatigwira? Chilolezo tilibe, tavomera."

Jared anagwada pakhomo pomwepo, anthu onse akuona. "Bambo, ndinalakwa. Ndayatsa moto, ukundiwotchera mwana. Ndithandizeni."

Mkuluyo anati, "Dzukani, a Kathumba, mawondo amenewo mukufunika kugwirira ntchito. Mwanayu anabwera kale, walira mokwanira. A Chiti ndawaimbira, koma mawu munawalasa nawo aja ndi akuthwa, sindikulonjeza kanthu. Avomera kubweranso Loweruka. Ndichita chifukwa cha Mwai. Koma pali lamulo langa limodzi, poti inu mumakonda malamulo. Tsiku limenelo mupereke moni, mupepese, kenaka mutuluke. Musamve kanthu, musanene kanthu, mpaka tikuitaneni."

Loweruka linafika. Jared anapereka moni, anapepesa mutu uli pansi, ndipo anatuluka m'nyumba yakeyake n'kukakhala pa sitepe ya kuseri, pafupi ndi mabini a zinyalala. Kamvula ka ku Dublin kanali kuwaza. Kudzera pakhoma ankamva mawu a a Chiti akukwera, akukwera, mpaka iye anaimirira kawiri kufuna kulowa, n'kukhalanso pansi atadzigwira pakamwa. Kenaka ankamva mawu a a Tarsizio, otsika, osafulumira. Ola linatha, lachiwiri linatha. Munthu amene ankalephera kukhala pansi mphindi zisanu anakhala pa simenti yozizira mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Mwadzidzidzi m'nyumbamo munaphulika kuseka, kenaka nthungululu ya Mayi Magdalena inang'amba denga. Chitseko cha kuseri chinatseguka, Mwaiwawo anasuzumira, maso ali ofiira koma akumwetulira.

"Adadi, akuti mutha kulowa tsopano."

Jared anayesa kudzuka, miyendo inakana, ndipo mwana wake ndiye anamugwira dzanja n'kumuimiritsa. Analira ngati mwana, osasamala kuti alendo amuona. Ukwati wa mwana wake unapulumuka iye ali panja, wopulumutsa ali munthu yemwe iye anamulembera kalata yomuchotsa. Anthu akale sananame: akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.