Gologolo ndi Maliro a pa Foni

Chaka chimene mtedza unapserera m'munda usanakhwime, Gologolo anatsala ndi zinthu ziwiri: foni yosweka galasi, ndi mchira wake waubweya umene ankaunyadira kuposa nzeru. Tsoka lake, zonse ziwirizi sizidyedwa.

"Taona, Gologolo," ankadziseka yekha, "mchira wapesa ngati mkwati, koma m'mimba muli mbee."

Ndiye anakumbukira kuti pamaliro adzukulu okumba manda ndi amene amayamba kudya, ndipo palibe amawayang'ana pakamwa. Vuto linali lakuti nyama za m'nkhalangomo zinkakana kufa.

Tsiku lina anapeza Nguluwe atagona m'matope, miyendo m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Anamujambula n'kuponya chithunzicho pa gulu la pa foni la nyama zonse. Pansi pake analemba kuti, "Atisiya a Nguluwe. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Dzuwa lisanapendeke, anamalira anafika atasenza maungu, chinangwa ndi thobwa. Gologolo anagwira khasu, n'kupalasa pansi pang'ono, kenako n'kudya mpaka kulephera kuwerama. Nguluwe atadzidzimuka n'kupeza akumuimbira nyimbo zamaliro, anafunsa amene anamupha.

"Pepani achimwene," anatero Gologolo akupukuta pakamwa. "Ine ndangotumiza monga ndinalandirira. Woyambitsa sindikumudziwa."

Zinatha choncho. Njala itabweranso, anajambula Mvuu atayandama padziwe, maso atatseka. Maungu anabweranso. Mvuu atavuuka, yankho linali lomwelo: "Ndangotumiza monga ndinalandirira, bambo."

"Koma ndiwe katswiri," anadziyamikira pobwerera. "Wapha akuluakulu awiri osagwira nkhwangwa."

Wanzeru akanalekera pomwepo, koma Gologolo akakhuta nzeru zimamuthawa. Anaona Njati akuwodzera patsinde pa mkuyu, n'kukwera m'nthambi kuti amujambule bwino kuchokera pamwamba. Atangotumiza, Njati anadzuka n'kupita kukadya msipu kutali, kumene foni sizigwira.

Ulendo uno wakufa sanadzuke msanga kudzaletsa maliro. Adzukulu enieni anabwera, n'kumukankhira Gologolo m'dzenje kuti akumbe nawo, mpaka manja anatuluka matuza. Uthenga nawo unawoloka mtsinje n'kukafika kwa amake Njati, nkhalamba yodwaladwala imene inatsala ndi mwana mmodzi yekhayo. Gologolo anayesa kufufuta uthengawo, koma unali utafalikira kale m'mafoni onse.

Njati pobwera anapeza mayi ake akugubuduka pafumbi, mawu atawathera, akuitana dzina lake. Zinali zomvetsa chisoni kwambiri. Ngakhale Gologolo anaika pansi dzungu limene ankadya.

"Ndangotumiza monga..." anayamba motsitsa mawu.

Njati anatulutsa foni yake. Anakulitsa chithunzi chija pafoni n'kuonetsa khamu lonse. Pakona yake, pamwamba, panalendewera nsonga ya mchira wopesa bwino.

"Manda akakumbidwa sasiyidwa opanda kanthu," anatero Njati. "Lowa."

Gologolo anasuzumira m'dzenjemo. Analikumba nawo, ndipo ankadziwa kuya kwake.

"Akuluakulu, ndalakwa," anatero atagwada. "Koma taonani dzenje lonseli, ndiye muikemo kanthu konga ine? Mukhala mwawononga thukuta la adzukulu. Paja mwambo umati mtembo ukasowa timakwirira thunthu la nthochi. Ndikadula ndekha, ndikasenza ndekha."

"Nthochi yalakwanji?" anafunsa Nguluwe. Mvuu anavomereza ndi mutu, ndipo bwalo linayamba kumupanikiza.

Amake Njati ndi amene anakweza mutu. "Musiyeni mwanayo," anatero ndi mawu osasa. "Nayenso ali ndi amake. Sindikufuna wina alire monga ndalirira ine lero. Nthochiyo akadule. Koma chimene chandiliza chilowe limodzi."

Gologolo anakoka thunthu la nthochi kuchokera kudimba, akupuma ngati galu. Atalitsitsira m'manda, Njati anatola foni ya Gologolo ija n'kuiika pamwamba pake mwaulemu wonse. Fosholo yoyamba ya dothi anapatsa mwini foniyo.

Analira Gologolo. Analira mpaka mamina, akudziguguda pachifuwa, mchira uli m'fumbi. Pa maliro onse amene anapitako, awa okha ndi amene anagwetsapo misozi yeniyeni, ndipo chakudya chitabwera anamuuza kuti namfedwa sadya ndi adzukulu.