Ngalande Yothera pa Khonde la Atelala

Kudera kuja nyumba zinangomera ngati bowa, popanda wofunsa mnzake kuti njira idzera pati. Mvula ikagwa, madzi a m'mabafa ndi a m'zimbudzi ankayenda njira imodzi ndi anthu, ndipo chaka ndi chaka matenda otsegula m'mimba ankatola ana.

Amene zinawatopetsa koposa anali mayi osoka zovala, omwe onse ankangowaitana kuti Atelala. Zaka zisanu anatha nsapato kupita kukhonsolo kukapempha ngalande. Pamisonkhano mawu awo ankamveka mpaka kumsika: "Kodi ifeyo si anthu?"

Tsiku lina oyeza malo anabweradi ndi zingwe ndi penti yofiira. Analemba bafa la mayi wogulitsa makala, analemba mpanda wa bambo wometa, kenaka chingwe chinadzagwera pakhonde la Atelala, pomwe pankakhala makina awo osokera.

"Apa ndiye ayi," anatero Atelala. "Khonde ili ndiye munda wanga. Makasitomala andiona bwanji ndikabisala m'chipinda?"

"Akungofuna masitepe awiri basi," anawanyengerera mlamu wawo, mmisiri womanga nyumba. "Ndidzakuboolerani windo lalikulu loyang'ana kunjira."

"Windo ndidye? Ngalandeyi ndaibweretsa ndine. Ikhote!"

"Madzi sadziwa amene anawaitana, mlamu."

Atelala anaumitsa khosi. Anzawo anagwetsa mabafa ndi mipanda, akung'ung'udza koma akugwetsabe. Okumba anatsika nayo ngalande kuchokera kumtunda, anafika pakhonde paja, anadikira masabata awiri, kenaka ananyamula mapiki awo n'kupita kudera lina. Wogulitsa makala uja anasiya kuwapatsa moni.

Mvula yoyamba inagwa masana, Atelala ali kumsika kukagula ulusi. Madzi amene kale ankamwazikana m'tinjira tambirimbiri tsopano anapeza msewu umodzi wowongoka, ndipo onse, ndi zinyalala zawo zomwe, anakafikira pakhonde paja. Njerwa zosawotcha sizilimbana ndi madzi. Pobwerera anapeza khonde lagona pansi, khoma la chipinda lagumuka, makina ali m'matope pamodzi ndi mayunifolomu a ana a eni.

Sanalire, mphamvu zolirira analibe. Anangokhala pa chidebe n'kumayang'ana. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti panalibe wina woti amuloze chala.

M'mawa mwake mlamu anabwera ndi piki. Atelala anamulanda n'kuyamba kukumba okha pamene panali khonde, motsata penti yofiira yomwe inkaonekabe pa njerwa zogwazo.

"Zawindo zija zikadalipo?" anafunsa osadzutsa mutu.

Mlamu anayang'ana chipinda chomwe chinangoti yasa.

"Windo limafuna khoma, mlamu."

Atelala anapitiriza kukumba. Anapempha ngalande zaka zisanu, n'kuikaniza masitepe awiri. Akuluakulu sananame: walira mvula walira matope.