Injini kwa Lameki, Lupanga kwa Ernest

Pakhomo pa Lameki Mbewe ku Njombwa panali chinthu chimodzi chomwe ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti sichiyandikiridwa: tcheniso, makina odulira mitengo omwe anasiya malemu bambo ake, a Nthanda. Anali makina akalekale, olemera ngati mwana wa ng'ombe, utoto utasuluka mpaka osadziwika kuti unali wofiira. A Nthanda anawapeza pomwe esiteti yomwe ankagwirako ntchito inkatsekedwa, ndipo anadya nawo zaka zambiri, kudulira anthu mphanda za zigafa ndi nkhuni zowotchera fodya. Polira ankayamba ndi kutsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, koma akagwira moto panalibe mtengo wowayankha.

Pa ntchitoyi a Nthanda ankayenda ndi anthu awiri. Lameki, mwana wawo, ankadziwa za injini: kusakaniza petulo ndi oilo, kupukuta pulagi, kumva ndi khutu ngati yadwala. Ernest, mwana wa mlongo wawo, ankadziwa kunola mano a tcheni ndi tupa ndiponso kuwerenga mtengo kuti ugwera kuti. Awiriwa anali pachisuweni, ndiye kunyozana kunali chakudya chawo, ndipo palibe ankasunga mangawa.

Zinthu zinasokonekera tsiku logawa katundu wa malemu. Njinga, makasu ndi jekete zinapita mwamtendere. Atafika pa makina, a Ezelina, mayi ake a Ernest, omwe kwa Lameki ndi azakhali, anati ana awiriwa azingosinthana, mwezi uno kwa uyu, wamawa kwa uyo.

"Azakhali, makina si mwamuna wamitala woti azigona uku ndi uku," anatero Lameki. "Ndi a bambo anga, akhala m'nyumba mwanga."

"Asuweni, mwaiwala mwambo?" anayankha Ernest akumwetulira. "Kwathu kuno cha malume chimagwera mwana wa mlongo wawo. Ine ndikungokukomerani mtima."

Lameki anali munthu wabwino, koma vuto lake linali lodziona wochenjera. Anatenga sipanala, namasula tcheni pamodzi ndi chitsulo chachitali chomwe tchenicho chimayendapo, chomwe malemu ankachitcha lupanga, n'kuziika pamiyendo pa Ernest. Mumtima ankati chuma chonse chili mu injini. Lupanga n'chitsulo wamba chopezeka m'sitolo iliyonse.

"Gawo lanu ndi limeneli. Tagawana, pasakhalenso zolankhula."

Ernest anayang'ana zitsulo zija, n'kuzikulunga m'thumba la feteleza. "Zikomo asuweni. Mano ndatenga ine, inu mwatsala ndi chifuwa." Anthu anaseka, koma a Ezelina sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo Lameki sanapondenso kutsidya kwa dambo komwe ankakhala azakhali akewo.

Sabata yotsatira anakwera minibasi ya ku Kasungu, injini ili pamiyendo ngati mwana wopita kusikelo. Analowa m'sitolo iyi, kutuluka, kulowa ina. Malupanga analipo ambirimbiri, onyezimira bwino, koma mabowo ake sankagwirizana ndi makina akalewo. Wogulitsa wina anaitana mnzake kuti adzaone.

"Achimwene, izi mwazifukula kuti? Zitsulo za makina awa zinasiya kubwera ine ndisanamere mano."

Munthu wina akanabwerera pomwepo n'kukagogoda kwa msuweni wake. Lameki ayi. Anagula lupanga latsopano ndi tcheni chake, n'kupita nazo kwa wowotcherera zitsulo wa ku Mtunthama kuti aboole mabowo ena. Tsiku loyesa anaitana anansi kuti adzaone kuti iye safuna munthu. Injini inatsokomola, inabangula, koma tcheni chitangolawa chipika chinavuka n'kuuluka, kukang'amba beseni la mkazi wake Dorika lomwe linali pathandala. Anansi anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

"Bambo a Princess," anatero Dorika atanyamula beseni lake n'kumasuzumira pabowo, "lero ndi beseni. Mawa ukhala mwendo wa munthu. Kutsidya kwa dambo si ku Joni, tangopitani mukalankhulane."

"Ndipite ine? Abwere yekha."

Lupanga latsopano lija linathera kutsekera khola la nkhumba. Komabe injini Lameki sanaitaye. Loweruka lililonse ankaitulutsa pakhonde, kuipukuta, kutsuka pulagi, n'kuiliza kwakanthawi kuti isaume, komanso kuti a kutsidya amve kuti mwini wake ndani. Ernest naye ankatumiza moni kudzera kwa anthu opita kuchigayo: "Mukawauze asuweni kuti chifuwa chija tachimva, apitirize kumwa mankhwala." Pakali pano anthu ofuna mphanda ndi nkhuni anayamba kuitana odula a kutali, asuweni awiri aja akungoyang'ana.

Chaka chimenecho fodya wa Lameki anachita bwino kwabasi. Pofika mwezi wa February chigafa chake chinali chitadzaza masamba, mikangala ili ndendende kuyambira uku mpaka uko. Feteleza wa chaka chamawa, sukulu ya mwana wawo Princess, malata omwe analonjeza Dorika, zonse zinali zitapachikidwa m'menemo. Ndiye masana ena kunabwera mvula ya mphepo. Itakata, anapeza bulugamu wamkulu wa kuseri kwa chigafa wazuka ndi mizu yomwe n'kutsamira padenga. Sanagweretu ayi, anangogona pamtanda wapamwamba, mphanda zikulira kuti tsiii, madzi akudontha pomwe nthambi zinaboola udzu.

Anansi anathamanga ndi nkhwangwa. Koma nkhwangwa ikangomenya, mtengo wonse unkagwedezeka, chigafa n'kumapendekera. Anasiya. Mtengowo unkafunika kuudula pang'onopang'ono kuchokera kunsonga, mosaugwedeza, ndipo aliyense ankadziwa chomwe chingagwire ntchito imeneyo. Onse anangoyang'ana Lameki, kenaka n'kuyang'ana kumwamba, komwe mitambo ina inali itayambanso kuda.

Mantha anamugwira Lameki, mantha enieni a mlimi woona thukuta la chaka chonse likufuna kusanduka manyowa. Dorika analowa m'nyumba, anatulutsa injini, anapinda nkhata n'kumupatsa mwamuna wake m'manja.

Anthu a ku Njombwa mpaka lero amasimba za ulendo umenewo: bambo wamkulu, injini pamutu, buluku atapinda, akuwoloka dambo madzi ali m'mawondo, ana akumutsatira pambuyo. Anapeza Ernest ali pakhonde akusoka fodya, a Ezelina ali pamphasa pambali pake.

"Odi, azakhali."

"Odini. Kodi ndi alendo ochokera kuti amenewa?" anafunsa a Ezelina, ataphimba maso ndi dzanja ngati sakumuzindikira. "Nkhopeyi ikufanana ndi ya malemu achimwene anga."

"Ndine Lameki, azakhali. Ndinalakwa."

"Asuweni, mwabwera nacho kuchipatala chifuwa chija?" anatero Ernest.

"Ndisekeni mawa, asuweni, tsiku lonse ngati mufuna. Lero bulugamu wagonera chigafa. Fodya yense ali m'kati."

Kumwetulira kwa Ernest kunathera pomwepo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la feteleza lija. Atalimasula, Lameki anachita manyazi: lupanga linali lopakidwa oilo, lopanda dzimbiri ngakhale pang'ono, mano a tcheni akuthwa ngati anoledwa m'mawa womwewo. Munthu uja nayenso ankasamala gawo lake miyezi yonseyi.

Atawoloka dambo, anamanga makina aja pansi pa chigafa, mitu itagundana, uyu agwira uyu amanga. Lameki anakoka chingwe. Makina anatsokomola, anatsokomolanso, kenaka anabangula mpaka amayi ena kuimba nthungululu. Ernest anakwera pangolo yomwe anansi anaikokera pafupi n'kuyamba ndi nthambi zakunsonga, Lameki ndi anansi akukoka chidutswa chilichonse ndi chingwe kuti chigwere kumbali. Injini ikayamba kubanika, Ernest ankaitsitsira kwa Lameki, iye n'kuigwiragwira mpaka ibwerere m'chimake. Thunthu lomaliza linagubudukira pansi madontho oyamba a mvula akugwa. Ngodya imodzi ya chigafa inali itaphwanyika, fodya wa pamenepo atanyowa osapulumutsika, koma wina yense anatsala bwinobwino.

Atabisala mvula pakhonde, Lameki anakankhira makina aja kwa msuweni wake. "Tengani onse. Mwezi uno akhale kwanu, monga ananenera azakhali."

Ernest anapempha sipanala. Anthu akuyang'ana, anamasula lupanga ndi tcheni, anazipukuta, n'kuzibwezera m'thumba lake.

"Kodi mukadali okwiya?" anafunsa Lameki, mtima uli m'mwamba.

"Kukwiya ayi. Koma ndikawatenga onse, injini ikadwala ndidzalira ndi yani? Inunso mukawatenga onse, mayi anga adzakuonaninso pamaliro pokha. Mmene munagawira muja munagawa bwino, asuweni. Wofuna kudula mtengo aziwoloka dambo."

Dorika anaseka mpaka kugwira m'mimba. Lameki anangogwira dzanja la msuweni wake osalisiya.

Mpaka pano makina a malemu Nthanda amagona nyumba ziwiri, ndipo wofuna mphanda za chigafa ku Njombwa amaitana anthu awiri. Lameki akamva wina akudzitama kuti safuna munthu, amangopukusa mutu, poti iye anaphunzira madzi ali m'mawondo zomwe akuluakulu ananena kale, kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.